Update ya browser tiziilandira msanga, ma extension tiziwaika moumira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene anthu ambiri ogwiritsa ntchito kompyuta ndi foni amaitenga mopepuka, chonsecho imakhudza ndalama zawo, zinsinsi zawo ndiponso ntchito zawo. Nkhaniyi ndi ya browser, pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox, Edge kapena Opera, komanso timapulogalamu tating'ono timene timawonjezera pa browser, timene ambiri amatitchula kuti ma extension kapena ma add-on. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta a m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu otayipira makalata, ndipo chimene ndimaona kawirikawiri n'chakuti anthu tatembenuza zinthu. Uthenga wotiuza kuti browser ikufunika update, kutanthauza mtundu wake watsopano wokonzedwa ndi eni ake, timaukana miyezi ndi miyezi poopa kutha kwa bandulo kapena kusokonekera kwa kompyuta, koma extension iliyonse imene mnzathu waiyamikira timaiika tsiku lomwelo osafunsa n'komwe kuti anaipanga ndani. Ine ndikuona kuti zimayenera kukhala mosemphana ndi mmenemu.

Sindikunyoza anthu amene amakana update, pakuti zifukwa zawo ndi zomveka. Bandulo kuno kwathu imagulidwa ndi ndalama imene ikanagula ndiwo, ndipo munthu amene waigula kuti atumize kalata yofunsira ntchito safuna kuona ikumwedwa ndi pulogalamu imene dzulo lomweli inkagwira ntchito bwinobwino. Ena anaonapo kompyuta ikuyamba kuchedwa itangolandira update, ena anapeza kuti batani limene analizolowera lasamukira kwina, ndiye anatsimikiza mumtima kuti chimene chikuyenda chisamagwidwe. Vuto la maganizo amenewa n'lakuti amaona update ngati nkhani ya maonekedwe, pamene mbali yaikulu ya update ya browser imakhala yotseka mipata imene mbava za pa intaneti zaitulukira.

Mu Seputembala 2023 kunapezeka vuto m'kachigawo ka pulogalamu kamene kamawerenga zithunzi za mtundu wa WebP, zithunzi zimene zadzaza pa masamba ambiri masiku ano chifukwa n'zopepuka. Munthu wa zolinga zoipa akanatha kukonza chithunzi mwanjira yoti browser ikangochitsegula, malangizo ake obisika alowe m'kompyuta, mwini wake asanadine paliponse pokayikitsa kapena kukopera fayilo iliyonse. Popeza kachigawoka kanali m'ma browser pafupifupi onse otchuka, Google (eni Chrome), Mozilla (eni Firefox), Microsoft (eni Edge) ndi makampani ena anatulutsa ma update m'masiku ochepa, ndipo Google inanena poyera kuti anthu ena anali atayamba kale kugwiritsa ntchito mpatawo. Apa pali mfundo imene ambiri saiganizira. Kampani ikatulutsa update yotseka mpata, imakhalanso yaulula kwa dziko lonse pamene panali mpatawo, kotero kuti amene sanalandire update amakhala pangozi yaikulu kuposa mmene analili dzana. Kwa zaka zingapo zapitazi Chrome ndi Firefox akhala akutulutsa mtundu watsopano pafupifupi masabata anayi alionse, kuphatikizapo timakonzedwe tapakati pakagwa zadzidzidzi, ndiye munthu amene browser yake yatha chaka chathunthu osakhudzidwa watsalira ndi mitundu yoposa khumi, ndipo mpata uliwonse umene unatsekedwa m'mitundu imeneyo kwa iye ukadali pululu.

Palinso vuto lina limene silidikira mbava, ndilo lakuti browser yakale imayamba kukanidwa ndi masamba abwinobwino. Tsamba lililonse lotetezedwa, limene adiresi yake imayamba ndi https, limaonetsa chiphaso chotsimikizira kuti ndi lenileni, ndipo chiphasocho chimayerekezedwa ndi ziphaso zikuluzikulu zimene browser kapena chipangizo chanu chimasunga. Ziphasozi zili ndi tsiku lothera mphamvu. Pa 30 Seputembala 2021 chinatha chiphaso chakale chimene bungwe la Let's Encrypt, lopereka ziphaso kwa masamba, linkadalira, ndipo makompyuta ndi zipangizo zambiri zakale zinayamba kuonetsa chenjezo pa masamba opanda vuto lililonse. Nawo a Mozilla anachenjeza kuti pa 14 Malichi 2025 chiphaso china cha mkati mwa Firefox chidzatha, ndipo amene anali ndi Firefox yakale kwambiri ma extension awo adzasiya kugwira ntchito. Ndinaonapo mlembi wa pa sukulu ina akulimbana ndi tsamba lolembetsera ana, akudzudzula netiweki, kenako n'kudzudzula eni tsambalo, pamene vuto linali browser imene inabwera ndi kompyutayo zaka zambiri zapitazo itaperekedwa monga mphatso. Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti anali atazolowera kudina pa mawu oti apitirire ngakhale pali chenjezo, ndipo ankachita zimenezi osayang'ana n'komwe. Tsiku limene chenjezolo lidzakhale loona, pa tsamba lobera anthu lofanana ndi la banki, chala chawo chidzadina chimodzimodzi.

Kuona ngati browser yanu ili pa mtundu watsopano si kovuta. Pa Chrome ya pa kompyuta mumadina timadontho titatu ta pakona, kenako Help, kenako About Google Chrome, ndipo browser imadzifufuza yokha n'kukopera chimene chikufunika. Pa Firefox njira yake ndi yofanana, imathera pa About Firefox. Pa foni ya Android zonse zimadzera ku Play Store. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti update imayamba kugwira ntchito browser ikatsekedwa n'kutsegulidwanso, ndiye amene amangopinda laputopu masabata angapo masamba ali otsegula amakhala walipira kale bandulo koma akugwiritsabe ntchito mtundu wakale. Ndichenjezenso kuti update yeniyeni siibwera kudzera pa tsamba limene mukuwerenga. Mukaona tsamba likulemba ndi zilembo zofiira kuti browser yanu yatha ntchito, dinani apa mukopere yatsopano, dziwani kuti imeneyo ndi nyambo, ndipo ndi njira imodzi yodziwika bwino imene mavairasi amalowera m'makompyuta. Chimodzimodzinso fayilo ya browser imene mnzanu wakutumizirani pa Xender kapena pa gulu la WhatsApp, chifukwa simungadziwe kuti yadutsa m'manja mwa ndani.

Nkhawa ya bandulo ili ndi yankho lake. Mu Play Store muli malo osankha kuti ma update azichitika pokhapokha foni ili pa Wi-Fi, ndipo amene alibe Wi-Fi angadikire bandulo ya usiku, bola asadikire miyezi. Pa sukulu kapena pa ofesi ya makompyuta ambiri, palibe chifukwa choti kompyuta iliyonse izikopera payokha, pakuti Mozilla ndi Google ali ndi fayilo yathunthu imene mumakopera kamodzi pa tsamba lawo lenileni, n'kuiika pa fulashi, n'kuyenda nayo pa makina onse.

Nkhani imavuta kwenikweni pa makompyuta akale, amene ndi ochuluka ndithu m'dziko muno chifukwa ambiri timagula makina amene anagwiritsidwapo kale ntchito kunja. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Chrome 109, imene inatuluka mu Januwale 2023, ndiyo yomaliza kugwira ntchito pa Windows 7 ndi Windows 8.1, kotero kuti kompyuta yotere ngakhale mudine About kangati, idzakhalabe pamenepo. Firefox inaima pa mtundu wa 115 kwa makina amenewa, ngakhale kuti a Mozilla anapitiriza kuitumizira ma update a chitetezo okha ndipo anawonjezera nthawi yake kangapo. Internet Explorer, browser yakale ya Microsoft, nayo inapumitsidwa pa 15 Juni 2022, koma mudzaipezabe m'maofesi ena ikutsegulidwa m'mawa uliwonse. Tsopano Windows 10 nayonso inafika pamapeto a chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Kwa makina otere malangizo anga ndi akuti, ngati akukwanitsa kunyamula Windows yatsopanoko, aikidwe, ndipo ngati sakukwanitsa, eni ake aganizire zoika m'malo mwa Windows pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, monga Linux Mint kapena mtundu wina wopepuka wa Linux, umene ndi waulere ndipo umalandira Firefox yatsopano. Ndikudziwa kuti mlembi amene anazolowera Windows adzadandaula masiku oyamba, koma kwa munthu amene ntchito yake yaikulu ndi kutayipa, kusindikiza ndi kutsegula masamba, kusiyana kwake n'kochepa. Ngati zonsezi zalephereka, kompyuta yakaleyo izingotayipa ndi kusindikiza, ndipo zokhudza banki, imelo ndi mapasiwedi zizichitikira pa chipangizo china.

Tsopano ndifike pa ma extension, pamene ndikuona kuti tili ndi mtima wofewa mopitirira muyezo. Extension ikamaikidwa imapempha chilolezo, ndipo chilolezo chimene ambiri amapempha chimalembedwa kuti read and change all your data on all websites, kutanthauza kuti izitha kuwerenga ndi kusintha chilichonse pa tsamba lililonse limene mwatsegula. Zimenezi zikuphatikizapo imelo yanu, tsamba la banki, mauthenga a pa Facebook ndi chilichonse chimene mukulemba m'mabokosi a pa tsamba. Kuika extension kuli ngati kupatsa mlendo makiyi a zipinda zonse za nyumba chifukwa choti walonjeza kuti azikusesererani pakhonde. Mlendoyo angakhale wokhulupirika lero, koma extension imadzisintha yokha mwakachetechete, ndipo ingagulitsidwe kwa munthu wina inu osauzidwa.

Zimenezi zinachitikapo ndithu. Panali extension yotchuka yotchedwa The Great Suspender, imene inkagoneka masamba amene simukuwagwiritsa ntchito kuti kompyuta isalemedwe, chinthu chimene aliyense wa makina ofooka angachikonde. Mwini wake anaigulitsa mu 2020 kwa munthu wosadziwika, mwini watsopanoyo anaikamo zinthu zokayikitsa, ndipo mu Febuluwale 2021 Google inaichotsa n'kuizimitsa m'makompyuta a anthu ponena kuti ili ndi pulogalamu yoipa. Mu 2018 extension ina yotchedwa Stylish, yongosinthira maonekedwe a masamba, inachotsedwa ndi Google ndi Mozilla zitadziwika kuti inkatumiza mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula ku kampani imene inaigula. Mu Disembala 2024 mbava zinanyenga wogwira ntchito wa kampani ya Cyberhaven, imene ntchito yake ndi ya chitetezo chomwechi, n'kulowetsa mtundu wachinyengo wa extension yake mu Chrome Web Store, malo amene ma extension a Chrome amapezeka. Ngati zotere zingagwere kampani ya akatswiri a chitetezo, sitingayembekezere zabwino kuchokera ku extension yopanda dzina la mwini wake imene ikulonjeza kukopera mavidiyo kwaulere.

Achinyamata ambiri amakonda ma VPN aulere, mapulogalamu amene amadutsitsa intaneti yanu pa makina a kampani ina, ena poganiza kuti apeza intaneti yaulere, ena pofuna kutsegula masamba otsekedwa. Ayenera kudziwa kuti VPN imaona kumene mukupita pa intaneti, ndipo kampani imene ili ndi makina odula koma sikukulipiritsani iyenera kuti ikupeza ndalama mwanjira ina. Mu 2015 zinaululika kuti Hola, imodzi mwa ma VPN aulere otchuka, inkagulitsa kwa anthu ena mwayi wodutsira pa intaneti ya amene anaiika. Kuno kumene bandulo timaiwerengera, zimenezo zikutanthauza kuti mlendo wa kutali akuyenda pa intaneti ndi ndalama yanu.

Makompyuta a m'mashopu otayipira ndi amene amandimvetsa chisoni. Umapeza kuti browser ikatsegulidwa imapita ku tsamba lofufuzira lachilendo limene mwini shopu sanalisankhe, pakona pakutuluka zotsatsa za njuga ndi mankhwala ochepetsa thupi, ndipo ukatsegula mndandanda wa ma extension umapezamo osinthira PDF awiri, okopera mavidiyo angapo ndi ena a mayina osamveka, aliyense ataikidwa ndi kasitomala wina amene anadutsa. Pa kompyuta yomweyo anthu amalowa m'maimelo awo, amatumiza zithunzi za ziphaso zawo za unzika ndi masatifiketi a sukulu. Mwini shopu amadandaula kuti makina akalamba, koma ukachotsa katundu yenseyu kompyutayo imapepuka moonekeratu.

Nanga ma extension othandiza ndi ati? Woyamba, ndipo kwa anthu ambiri akhoza kukhala yekhayo, ndi wotchinga zotsatsa malonda ndi timapulogalamu tolondola anthu. Pa ntchito imeneyi ndimadalira uBlock Origin, imene inalembedwa ndi Raymond Hill, ndi yaulere, ndipo malangizo ake onse ali poyera kuti aliyense wodziwa awaunike. Phindu lake kwa ife ndi lapawiri, chifukwa zotsatsa zambiri, makamaka za mavidiyo odziyamba okha, zimadya bandulo ndi kulemetsa kompyuta, komanso zina mwa izo ndi zimene zimanyamula mabatani achinyengo aja olembedwa kuti Download. Muyang'anitsitse dzina la mwini wake poiika, pakuti pali ena a mayina ofananako amene si iyeyo. Akonzi, ndikudziwa kuti nyuzipepala yanu nayo imadalira zotsatsa malonda kuti atolankhani alipidwe, ndiye ndikumbutse owerenga kuti extension imeneyi ili ndi batani loizimitsira pa masamba amene mumawakhulupirira ndipo mukufuna kuwathandiza.

Pa uBlock Origin pomwepa ndi pamene anthu okana update ali ndi mfundo yeniyeni, ndipo sindiibisa. Google inasintha malamulo a kapangidwe ka ma extension, kuchoka pa dongosolo lotchedwa Manifest V2 kupita pa Manifest V3, ndipo kuyambira mu 2024 Chrome inayamba kuzimitsa ma extension a dongosolo lakale, kuphatikizapo uBlock Origin yathunthu. Google inati kusinthaku n'kwa chitetezo, pamene otsutsa, monga bungwe la Electronic Frontier Foundation, anati kukufooketsa zotchinga zotsatsa, ndipo n'zosabisa kuti Google imapeza ndalama zake zambiri kuchokera ku zotsatsa malonda. Ena atamva zimenezi anaganiza zoumirira pa Chrome yakale kuti asunge extension yawo. Njira imeneyi ndi yolakwika, chifukwa ukuteteza chinthu chimodzi uku ukusiya mipata yonse ija yotsegula. Amene akufuna kukhalabe pa Chrome aike uBlock Origin Lite, ya mwini yemweyo, imene ili ndi mphamvu zocheperako koma ikukwanira kwa munthu wamba. Amene akufuna yathunthu asamukire ku Firefox, imene ikuilolabe, ndipo posamuka imatha kutenga ma bookmark, amene ndi maadiresi a masamba amene munasunga, ndi mapasiwedi a mu browser yakale.

Wachiwiri ndi wosunga mapasiwedi. Ambiri a ife tili ndi pasiwedi imodzi, kawirikawiri dzina la mwana ndi chaka chobadwa, imene timatsegulira imelo, Facebook ndi zina zonse, kotero kuti tsamba limodzi likabedwa zonse zapita. Chrome, Firefox ndi Edge ali nacho kale chosungira mapasiwedi mkati, ndipo chikukwanira kwa munthu wa chipangizo chakechake. Amene amasinthasintha ma browser ndi zipangizo angaike Bitwarden. Ubwino wina umene anthu saudziwa n'ngwakuti chosungira mapasiwedi chimayang'ana adiresi ya tsamba, ndiye chikakana kulemba pasiwedi pa tsamba looneka ngati la banki yanu, chimenecho ndi chizindikiro choti muime kaye. Pa kompyuta ya m'shopu kapena ya anthu ambiri musasunge pasiwedi iliyonse. Ophunzira a m'makoleji amene akulemba kafukufuku angapindule ndi Zotero Connector, yosunga tsatanetsatane wa mabuku ndi nkhani zimene awerenga, ndipo amene netiweki imawavuta angakonde SingleFile, imene imasunga tsamba lonse m'fayilo imodzi yoti n'kuwerenga popanda intaneti.

Ma extension ambiri amene anali ofunika kale ntchito yawo inalowa mu browser momwemo, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso cholandirira update. Kugoneka masamba, ntchito ya The Great Suspender ija, Chrome imakuchita yokha kudzera pa Memory Saver, ndipo Edge ili ndi njira yakeyake. HTTPS Everywhere, extension imene inkakupititsani ku masamba a https, eni ake anaipumitsa chifukwa ma browser tsopano ali ndi malo osankha kuti azitsegula masamba otetezedwa okha. Mafayilo a PDF amatseguka mu browser popanda chowonjezera chilichonse, ndipo kusunga tsamba monga PDF kumachitikira pa Print. Chrome imamasulira masamba payokha pogwiritsa ntchito Google Translate, imene ili ndi Chichewa, ngakhale kuti Chichewa chake nthawi zina chimaseketsa. Adobe Flash, pulogalamu yakale yoonetsera mavidiyo ndi magemu pa masamba, inatha pa 31 Disembala 2020, ndiye tsamba lililonse lokuuzani lero kuti muike Flash Player likufuna kukuberani.

Popeza Amalawi ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, ndinenepo za kumeneko. Chrome ya pa Android siilola ma extension, choncho pulogalamu ya mu Play Store yolonjeza kuwonjezera mphamvu pa Chrome ndi yoikayikira. Firefox ya pa Android imawalola, ndipo mu Disembala 2023 inatsegula khomo kwa ma extension mazanamazana, kotero kuti munthu angaike uBlock Origin pa foni n'kuona bandulo ikukhalitsako. Chrome inali ndi Lite mode yochepetsa kudya kwa bandulo, koma inachotsedwa mu 2022. Opera Mini imakondedwa chifukwa imapanikiza masamba pa makina a kampani yake asanafike pa foni, ndipo powerenga nkhani kapena zotsatira za mpira imathandizadi, koma popeza masambawo amadutsa kaye kwa eni ake ikakhala pa kupanikiza kwakukulu, ine sindingalowere nayo ku banki. Pa zandalama ndi bwino kugwiritsa ntchito pulogalamu ya banki yeniyeniyo kapena browser imene yalandira update.

Pempho langa kwa eni mashopu otayipira, aphunzitsi a kompyuta ndi oyang'anira maofesi n'lakuti kamodzi pa mwezi azitsegula About pa makina onse, kenako mndandanda wa ma extension, umene pa Chrome umapezeka polemba chrome://extensions ndipo pa Firefox polemba about:addons, n'kuchotsa extension iliyonse imene palibe akukumbukira chifukwa chimene inaikidwira. Pa Chrome angathenso kusankha kuti extension izigwira ntchito pokhapokha aidina kapena pa masamba osankhidwa okha. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti makampani a ma browser akalengeza vuto lalikulu ngati lija la WebP, muzilemba kachenjezo kachidule m'Chichewa, mogwirizana ndi nthambi ya MACRA yoona za chitetezo cha pa intaneti, chifukwa machenjezo amenewa amatuluka m'Chingerezi cha akatswiri pa masamba amene mlembi wa pa sukulu ya kumudzi sawawerenga.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta,
Zomba